Zilembo Khumi za a Bolodi

"Bolodi la pano lilibe Z, eni ake anameza ndi tiyi!"

Amatero Sipika Loweruka lililonse, dzanja lina pamimba, lina m'mwamba ngati akuimitsa basi, ndiye anthu amaseka ngati akumva koyamba. Sipika ndi mkulu uja amakhala pabenchi yachitatu ku bwalo la kiriketi, wa mawu oti akanong'ona agalu a tsidya lina amayankha. Nthabwala yakeyo inafala moti ngakhale wometa amene sanapondepo ku bwaloko, magetsi akamuthimira mutu wa munthu uli theka, amangoti, "Pepani akulu, lero lilibe Z." Aliyense amaseka. Amene saseka ndi mmodzi yekha, mwini bolodi.

Anthu amangowatchula kuti a Bolodi. Ndi bambo wamfupi wa miyendo yamatewe, chipewa chawo chinali choyera nthawi ina yake kalekale, ndipo m'thumba la kumbuyo simusowa sipanala. Akamayenda amanyamula mwendo kwambiri ngati akukwera masitepe, olo pansi pali see. Musawaseke, zaka makumi atatu akukwera makwerero omwewo. Mukawapatsa moni amayamba ayang'ana kaye mitambo, kenako ndiye, "Tili bwino, kaya inu."

Kwa inu amene kiriketi mumangoimva, nkhani yake ndi iyi. Wina amathamanga n'kuponya mpira wolimba ngati mwala. Wina waima ndi thabwa, kumbuyo kwake kuli timitengo titatu tozika pansi. Akaumenya mpira uja amathamanga n'kupeza marani, ndizo zigoli za kiriketi. Akauphonya, mpira n'kugunda timitengo, basi watuluka, palibe zoti pepani ndiyambirenso. Amayenda yekha kubwerera kukhonde la osewera, bwalo lonse likumuyang'ana kumsana. Dzina lake ndi marani ake zimakhala pabolodi mpaka madzulo kuti aliyense wodutsa aone. Amene amazipachika pamenepo ndi a Bolodi.

Bolodi lenilenilo ndi kanyumba kakuda ka matabwa, kataliko ndithu, kokwera ndi makwerero a masitepe khumi ndi anayi. Lachisanu ndi chiwiri linathyoka kale, iwo amalidumpha osayang'ana n'komwe. M'katimo mumanunkha penti ndi zitosi za nkhunda. Muli mabokosi a timalata, kalikonse kakuda, kolembedwa chilembo chimodzi kapena nambala imodzi yoyera, pamwamba kabowo kokolekera pamsomali. Timalatato anadula okha, anapenta okha, ndipo amatidziwa ndi chala: M wopindika pakona, A wa dzimbiri, 7 uja anagwera mlonda pamutu chaka china. Pali kazenera kamodzi koonera bwalo. Lamulo lawo amalinena ngati pemphero la pachakudya: "Mpira uli mkati, bolodi silisiyidwa." M'mimba munapotapo, njuchi zinalowapo, iwo sanatsike.

Tsono kiriketi ndi mvula sizimwerana madzi. Kadontho kamodzi, osewera onse liwiro kukhonde, malona ophimba nthaka pabwalo, owonerera kakasi. Nthawi imeneyo ndi imene inawatchukitsa a Bolodi. Ankatsegula kachitseko ka kutsogolo n'kupachika pamzere wapamwamba dzina la wosewera, koma zilembo zake zitasokonezedwa. Tinene DONYUN. Bwalo lonse makosi m'mwamba, milomo ikungoyenda. Wina uko, "Nyundo!" A Bolodi sipanala palata, ngwee! Ndiye kuti wakhoza. Mphotho panalibe, olo siwiti, ngwee yomweyo basi, koma madoda a ndevu zawo ankalimbirana ngati ana. Wina ankakafika kunyumba n'kuuza mkazi wake, "Lero ndalandira mangwee atatu." Mkazi n'kuti, "Zikomo, tiwaphike kapena tiwakazinge?"

Masiku ena ankangopachika chilembo choyamba ndi chomaliza, pakati pululu. Mvula ikakhala yokhalitsa ankasakaniza mayina awiri kuti muwalekanitse nokha, ndipo anthu ankatukwanizana mpaka kuiwala kuti anyowa. Koma panali chinthu chimodzi chimene sankalola. M'masewera awowo simunkalowa dzina la pachiphaso. Munkalowa dzina lokhalo limene owonerera anapatsa wosewera: Nyundo, Mphezi, Chigubu, Mochedwa. Wosewera wina watsopano anakwerapo mpaka pa sitepe lothyoka lija kukapempha.

"Madala, mundiikeko nane."

"Anthu akupatsa dzina?"

"Ayi, koma..."

"Ndiye tsika bwinobwino. Dzina silichokera m'bolodi muno, limachokera pamabenchi apo. Ine ndimangopachika."

Kunyumba kunali katswiri woposa bwalo lonse, malemu akazi awo. Anali telala, makina awo pawindo la pabalaza. Lachisanu madzulo a Bolodi ankayala timalata pansi, pakati pa tizidutswa ta nsalu, kuyesa ngati dzina lavuta mokwanira. Mayiwo osasiya kupalasa makina, mapini kukamwa, kungoponya diso kamodzi.

"Mmphezi."

"Aaa mayi, taganizani kaye pang'ono, mundipatseko ulemu."

"Ulemu wa chiyani? Mwangotembenuza ngati malaya ochapa."

Anali ndi ana awiri, wamkulu wamkazi, wotsatira wamwamuna. Wamwamunayo ali ndi zaka zinayi, bambo ake anayamba kumuponyera mpira wa masokosi kuseri kwa nyumba, atamugwiritsa kathabwa ka kabati yakale. Mpira ukangochoka m'manja, mwana maso tseke, n'kumakupiza kathabwa mumphepo. Mayi ake pawindo kuseka mpaka misozi. "Katsinzina wanga, tsegula maso! Ndi sokosi la bambo ako chabe, limapha ndi fungo lokha!"

Dzina linakhala. Koma linali la m'nyumba, ndiponso la pakamwa pa mayi ake okha. Pomudzutsa, pomumwetsa mankhwala, pomuyeza kabudula wa sukulu. Mwana uja anakula, anatalika mpaka kumawerama pachitseko, n'kumayang'ana mpira ngati mphamba, koma mayi ake ankamutchulabe choncho, iye n'kumangomwetulira atazolika. Tsiku lawo lomaliza kuchipatala, mawu atatsala pang'ono kuwathera, anamugwira dzanja n'kunena lomwelo. Kuchokera pamenepo dzinalo silinamvekenso m'nyumbamo. Palibe anapangana, linangoti zii, ngati makina aja pansi pa nsalu yake.

Patapita zaka ziwiri, mnyamatayo anasankhidwa kusewera timu yaikulu koyamba.

Tsiku limenelo a Bolodi anafika ku bwalo mlonda asanatsegule geti. Anapukuta timalata ndi mpango wawo wa m'thumba, osati chisanza cha masiku onse. Anapachika dzina la pachiphaso la mwana wawo pamzere wachisanu, anatsika, anayenda mpaka pakati pa bwalo kukaona ngati lawongoka, anakweranso, anakankha chilembo chimodzi pang'ono. Katatu konse. Wodula udzu anawafunsa ngati ayamba majowajowa. Iwo anaseka. Koma anthu atayamba kudzaza, anasuzumira pakazenera n'kuyang'ana kumapeto kwa benchi yoyamba, pamene mayi ankakhala ndi ambulera yawo yofiira. Panali munthu wina wosamudziwa, akudya mtedza, makoko akutaya pansi.



Dzuwa lisanafike pamutu, womenya wachitatu anatuluka. Wotsatira anali mwana wawo, wachisanu, poti omenya amakhala awiri m'bwalo nthawi imodzi. Anaimirira kukhonde, zotchinga m'miyendo atamanga kale, thabwa m'khwapa. Asanaponde udzu, mvula waaa! Onse anabwerera. Malona anayalidwa, maambulera anatseguka, ndipo mabenchi anayamba nyimbo yawo ya nthawi zonse.

"Madala! Tipatseni dzina! Dzina, madala!"

A Bolodi anapisa dzanja m'bokosi. Ankafuna kutenga za Chigubu, anali atazikonza kale m'mutu. Koma maso awo anabwerera kwa munthu wa mtedza uja. Mumtima anati, lero ndi lero, mwana akulowa, koma palibe womuitana monga ankaitanidwira. Mayi ake kulibe. Ndiye bwanji bwalo lonse limuitane m'malo mwawo, amve kumene aliko? Dzanja linayamba kusankha lokha. Zilembo khumi. Anazipachika pamzere wapamwamba: ZATSIKANIN.

Bwalo lonse makosi m'mwamba. Kenako phokoso.

"Za atsikana!" Anthu kuseka. A Bolodi anapukusa mutu.

"Limeneli ndi dzina kapena mankhwala a chifuwa?"

"Madala, mwagwetsa bokosi eti?"

Mphindi zisanu, mphindi khumi, mvula ikungotsika. Akatswiri a mangwee anatulutsa mapensulo, ena kulemba pamapaketi a fodya, ena padzanja. Sipika anatchula osewera onse amene anamwalira, ndi ena amoyo amene iye ankaganiza kuti anamwalira. Palibe. A Bolodi chifuwa chinkangotukuka. Dzina lovuta chonchi sanapachikepo chiyambire.

Amene anakhoza ndi mayi wogulitsa tiyi, munthu amene sanalandirepo ngwee moyo wake wonse. Anaima ndi ketulo m'manja, milomo ikuyenda pang'onopang'ono, n'kunena mokayika, "Ka... tsinzina?"

Ngweee! A Bolodi anamenya katatu. Anasuntha zilembo msangamsanga, dzina linaima bwinobwino, loyera mbee pamwamba pa bolodi.

"Katsinzina ndiye ndani?" anafuula Sipika. "Ankasewera ife tisanabadwe?"

A Bolodi anatulutsa mutu ndi phewa pakachitseko, mvula ikuwamenya, n'kuloza kukhonde ndi sipanala. "Mwana wanga! Uyo apo! Akulowa pompano!"

Makosi onse anatembenuka. Ndiye kuseka kunayamba pabenchi yachitatu, kunayenda ngati moto wa paudzu mpaka kumapeto. Mukakhala pamwamba paja kuseka konse kumamveka chimodzimodzi. A Bolodi anamva chimwemwe, nawo n'kumaseka, n'kumakupiza chipewa. Sanaganize kuti womenya mpira mungamunene chilichonse, wamantha, waulesi, wakuba nkhuku, koma osati wotseka maso mpira ukubwera. Zaka makumi atatu pa kiriketi, zimenezo ankazidziwa kuposa aliyense. Tsiku limenelo zinawachoka.

Mnyamata anayang'ana bolodi kamodzi kokha. Kenako anayang'ana nsapato zake mpaka mvula inakata.

Atachotsa malona analowa. A timu inayo anali atamva zonse, nanga si khonde ndi limodzi. Wogwira mpira kuseri kwa timitengo anamulandira mwaulemu kwambiri. "Takulandirani, achimwene. Tulo tikakugwirani munene, tikubweretsereni pilo." Woponya anali Mphezi, munthu wothamanga kuchokera kutali ngati waiwala mwana pabasi. Anabwera, anaponya. Timitengo phwaa, kamodzi kanakagwera uko.

Mpira woyamba. Ziro.

Anthu amati anatsinzina. A Bolodi amati ayi, anali pakazenera, anaona mutu wa mwana wawo uli njo, sunagwedezeke. Koma ndani akanawafunsa? Sipika anali ataimirira kale pabenchi, maso atatseka, manja patsogolo ngati akufufuza chitseko mumdima. "Ka-tsi-nzi-na! Ka-tsi-nzi-na!" Mabenchi onse anatengera, maso otseka, m'manja mukuwombedwa. Ngakhale mayi wa tiyi anaseka, ataphimba pakamwa ndi nsalu yopukutira makapu.

Pamenepo m'pamene a Bolodi anamva bwino kusekako.

Ntchito sidikira. Wolemba marani pansi anakweza dzanja. A Bolodi anatenga 0 m'bokosi, chilata chozizira, n'kukoleka pambali pa dzina la mwana wawo ndi dzanja lawo lomwe. Msomali anauphonya kawiri. Pamwamba pake dzina lija linali likadali pomwepo, anaiwala kuchotsa.

Mnyamata sanakhotere kukhonde. Anafika pachingwe cha malire, anagoneka thabwa pansi, magolovesi pamwamba pake, n'kulunjika kugeti, zotchinga zikadali m'miyendo. A Bolodi anamuona. Anatsegula chitseko cha kumbuyo, phazi limodzi linaponda makwerero. Nthawi yomweyo thabwa linalira m'bwalo, anthu anafuula, wolemba marani anakweza zala zinayi. Mpira uli mkati. Phazi lija linabwerera lokha.

Anakhala m'bolodi mpaka masewera anatha. Anatsitsa timalata tonse, kupukuta, kulongedza, monga mwa masiku onse, akudziuza kuti mwana ali kunyumba, wakwiya, alankhulana. Atafika anapeza zotchinga zija zili pampando, zomangira zake zitapindidwa bwinobwino. Chikwama chachikulu panalibe. Pakhoma, pamene panali chithunzi cha mayi, panatsala msomali wokha.

Zilembo khumi zija sanazibwezere m'bokosi. Anazikulunga m'kansalu kobiriwira kotsala pa diresi ya malemu, n'kuziika m'kabati ya makina osokera. Ma A ndi ma N anali nawo ambiri, sizinaoneke. Koma Z anali mmodzi yekha. Ndiye dzina lililonse lokhala ndi Z linayamba kuoneka ndi mpata ngati munthu wogweluka dzino. A komiti anawauza, "Madala, dulani wina, lata lilipo." Iwo, "Ndidula." Zaka zinayi akudula. Masewera a mvula aja anathera pomwepo. Mvula ikagwa, mzere wapamwamba umangokhala bii.

Chowawa n'chakuti bwalo linaiwala. Milungu itatu yokha, anthu anapeza wina womuseka, woponya wina amene buluku linamung'ambikira. Mukamufunsa Sipika lero za Katsinzina akanda m'mutu. Iye amangodziwa kuti bolodi lilibe Z.

A Bolodi ankaimba foni, imalira mpaka kudula. Ankatuma mwana wawo wamkazi, amene anakwatiwa tauni ina. Iye ankangoti, "Bambo, musiyeni kaye, ali moyo, akudya." Chaka chachinayi, atabwera kudzawaona n'kuwapeza akukhoma denga la chipinda chopanda munthu, anapumira m'mwamba. "Ali kowotcherera zitsulo, kuseri kwa depoti ya mabasi kwathu kuja. Koma musanene kuti ndine ndakuuzani."

Anapita Lachiwiri, tsiku lopanda masewera. Anavala jekete ya maukwati ndi maliro, kamtolo kaja pamiyendo. Basi ikagunda dzenje, kamtolo ngwere ngwere. Mayi amene anakhala naye pafupi analephera kupirira.

"Bambo, mwanyamula mbale?"

"Ayi mayi. Ndi dzina."

Mayi uja anasuntha pang'ono, sanafunsenso.

Malo owotchererawo anali shedi ya malata yotseguka kutsogolo. Mageti oimikidwa pakhoma, mabedi achitsulo, mafelemu a mawindo, mulu wa zidutswa pakona. Phokoso loti munthu sungamve maganizo ako omwe. Mwini malo, bambo wonenepa wa pensulo kukhutu, anawathamangira.

"Geti, madala? Tili nawo a mtundu uliwonse, olo lotsekera apongozi."

"Ndikufuna mwana wanga."

Kumapeto kwa shedi munthu wamtali anasiya kuwotcherera n'kukweza chophimba kumaso. Ndevu zinali zitamera, m'mikono muli timabala ta moto. Koma kuwerama kwake kunali komwe kuja kwa pachitseko.

"Bambo."

"Ee."

"Kunyumba kwagwa zovuta?"

"Ayi. Kuli bwino."

"Ndiye?"

M'basi monse a Bolodi anali akukonza mawu, oyamba awa, otsatira awa. Atatsegula pakamwa anapeza onse asokonekera ngati zilembo zawo zomwe, ndipo panalibe mayi woponya diso n'kuwauza yankho. Anangoika kamtolo patebulo yachitsulo n'kumasula. Mnyamata sanayang'ane timalata. Anayang'ana nsalu. Anavula golovesi limodzi n'kuigwira pakona ndi zala ziwiri.

"Ndabweretsa izi," anatero a Bolodi. "Si zanga."

Mnyamata anasiya nsalu ija. Atayamba kulankhula sanakweze mawu, moti bambo ake anachita kuyandikira.

"Mukuganiza kuti ndinathawa ziro? Aliyense amatuluka ndi ziro. Nyundo anatuluka ndi ziro kangati?"

"Kasanu ndi kawiri," linatuluka lokha yankho.

Pakamwa pa mnyamata panagwedezeka ngati afuna kuseka, koma sikunafike.

"Achemwali anatenga ndolo ndi madiresi. Inu munatsala ndi makina. Ine amayi anandisiyira dzina lija basi. Ndinkati zikandivuta, ndikakhala phee, ndinkalimva ndi mawu awo enieni, ngati ali pawindo. Pano ndikalikumbuka ndimamva Sipika. Zaka zinayi ndikuyesa, bambo. Amabwera ndi Sipika."

A Bolodi anavula chipewa. Anachipinda, anachiwongola.

"Ndinkafuna akhalepo. Pamalo pawo panali munthu wa mtedza. Ndinati bwalo likuitane m'malo mwawo."

"Munkanena nokha kuti dzina silichokera m'bolodi."

"Ndinkatero."

"Ndipo munandiona ndikutuluka pageti."

"Ndinakuona."

"Simunatsike."

"Mpira unali..." Anaima pomwepo. Mawu otsalawo anawameza, ndipo anali owawa kuposa Z aliyense amene Sipika amanena.

Mnyamata anasonkhanitsa timalata, kamodzikamodzi, kuti tisalire. Anatikulunga, anamanga mfundo ziwiri. A Bolodi maso anali pa mulu wa zidutswa pakona paja. Koma iye anaudutsa muluwo, anatsegula bokosi lake la pansi pa tebulo, mmene munali malaya oyera ndi sopo, anaika kamtolo pansi penipeni n'kukhoma loko.

A Bolodi anaona ngati kampata katseguka, analowapo ndi miyendo yonse.

"Loweruka tikusewera ndi timu ya Mphezi. Wakalamba tsopano, amaponya ngati akupereka moni. Ukanabwera ukanamu..."

"Ku bwalo sindidzapondako."

"Chabwino. Chabwino, bwalo lisiye. Nanga kunyumba? Denga la kuchipinda kwako ndinakonza, sikudonthanso."

Mnyamata anavala golovesi lija. Anayang'ana geti limene linali pansi, anayang'ana bambo ake, jekete yawo yaikulu m'mapewa, nsapato zopolishidwa zitachita fumbi.

"Geti ili eni ake akulifuna lero."

Anatsitsa chophimba kumaso, anatola chowotcherera, anagwada. Asanagunditse pachitsulo anaima. Mawu anatuluka m'kati mwa chophimba muja, otsika, ngati ochokera m'chipinda china.

"Tsinzinani, bambo. Moto uwu umapweteka maso."

A Bolodi anatsinzina. M'zikope munkangofiira n'kuda, kufiira n'kuda, chitsulo chikuthetheka, fungo la moto m'mphuno. Anaima choncho pakati pa shedi, chipewa m'manja, kudikira kuti awauze kuti tsegulani. Anadikira ndithu. Palibe anawauza. Atatsegula okha, mwana wawo anali kumapeto ena a geti, atawapatsa msana. Mwini malo anabwera ndi mpando wopanda chotsamira. Iwo anathokoza kawiri, anavala chipewa, n'kupita kukakwera basi. Ulendo wobwerera pamiyendo panalibe cholira.

Loweruka lake anafika ku bwalo nthawi yawo, anayang'ana mitambo, anakwera, anadumpha sitepe lachisanu ndi chiwiri. Asanayambe ntchito anasuzumira kugeti. Amatero Loweruka lililonse, ndipo munthu wamtali aliyense akamalowa, dzanja lawo limaima m'bokosi mpaka nkhope ioneke.

Chakumasana mvula inabwera, ya mphepo, yolowa ndi m'maambulera momwe. Osewera liwiro, malona pabwalo. Anthu anakhala kakasi, ena kuyasamula, ena kukanda mafoni. Sipika anaona kuti bwalo lazizira, anakwera pabenchi, dzanja lina pamimba, lina m'mwamba.

"Madala! A Bolodi! Z munameza, takukhululukirani. Nanga zinazo munamezanso? Mvula ndi iyi, tipatseni dzina! Kapena mayina anakutherani?"

Anthu anaseka. Kachitseko ka kutsogolo kanatseguka pang'onopang'ono, koyamba m'zaka zinayi. A Bolodi anatulutsa mutu, madzi akutsika pachipewa, sipanala ili m'thumba. Anamuyang'ana Sipika opanda mkwiyo, ngati mmene amayang'anira mitambo.

"Mayina alipo, achimwene, bokosi tho. Limodzi lokha ndi limene linali losayenera kupachikidwa, ndiye ndinakupatsani kale."